Ndi pati mu filimu kapena pa TV pomwe munaiwala ndi kupuma komwe?

Kadzidzi: Anzanga pagulu pano ndabwera ndi funso koma si lija loti filimu yoposa zonse ndi iti ayi, limenelo silidzatha. Ine ndikufuna malo amodzi basi, mphindi zochepa chabe mu filimu, mu series kaya ndi chinthu choti chinaonetsedwa pa TV chikuchitika, pomwe munangokhala duu maso ali tong'o mtima uli phaphapha ndipo mpaka lero mukakumbukira thupi limachita tsembwe. Ndiyambe ine. Game of Thrones sizoni 3 episodi 9, ya 2013 ija, ukwati uja amautcha Red Wedding. Anthu ambiri amakamba za magazi koma ine chimene chimandigwira ndi zomwe zinachitika magaziwo asanayambe. Chitseko chatsekedwa, oyimba asintha nyimbo mwadzidzidzi, Catelyn Stark akuyang'ana uku ndi uku kuti kodi chavuta ndi chani, kenako akweza mkono wa malaya a Roose Bolton n'kupeza kuti mkuluyo wavala zachitsulo za kunkhondo mkati, pa ukwati. Pamenepo mayi uja wadziwa zonse koma palibe chomwe angachite. Nde episodi itatha maina aja akukwera opanda nyimbo ngakhale pang'ono, zii.

Kamtsitsi: Aaa koma a Kadzidzi mwandilakwira zedi, ine ndili sizoni 2 panopa

Kadzidzi: Pepani achemwali koma sindinanene yemwe wafa. Komanso chenjezo kwa aliyense, nkhani iyi sitingaikambe osaulula, amene sanaonere zomwe zikutchulidwa adumphe.

Kamtsitsi: Ndidumpha zina koma ndikhalabe pompano chifukwa nanenso ndili ndi zanga

Nyenyezi: Ine Titanic ya 1997, koma osati za Jack ndi Rose pa thabwa paja zomwe aliyense amakangana nazo. Pali pena sitima ikumira oyimba aja atsanzikana kuti basi tabalalike, mmodzi n'kutsala yekha kuyamba kuyimba, anzake n'kubwerera mmodzimmodzi kudzaima naye. Nthawi yomweyo kamera ikutionetsa agogo awiri agona pabedi akumbatirana madzi akulowa pansi pa bedi, kenako mayi wina akugoneka ana ake akuwafotokozera nthano kuti asaope. Ndikangomva vayolini ija misozi siifunsa, imangobwera. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi choti sizopeka zonse. Oyimba anali 8, mtsogoleri wawo Wallace Hartley, ndipo onse anafera pomwepo usiku wa 15 April 1912. Agogo awiri aja anawatengera kwa Isidor ndi Ida Straus, mayiyo anapatsidwa malo mu boti lopulumukira koma anakana kusiya mwamuna wake. Anthu opitirira 1500 anatha usiku umenewo koma dayilekita James Cameron anadziwa kuti nambala siiliritsa munthu, anatipatsa nkhope zowerengeka basi.

Mphenzi: Inu mukungotchula zolira zokhazokha. Funso linali loiwala kupuma osati maliro. Kwa ine palibe choposa kudzidzimutsidwa, pomwe filimu yakutembenukira usakuyembekezera. Avengers Infinity War ya 2018, tonse tinazolowera kuti olimbana ndi zoipa amapambana kumapeto, nde Thanos wangokhethemula zala anthu n'kuyamba kusanduka fumbi mmodzimmodzi, Black Panther wapita, Spider-Man wapita akulira m'manja mwa Tony Stark, kenako mkulu uja wakhala pansi akuonera dzuwa filimu n'kutha. Woipa wapambana basi, pitani kwanu. Chimenecho ndiye chogwira mtima.

Wakamera: A Mphenzi ndikumva koma ndiloleni nditsutseko pang'ono chifukwa apa mpomwe pagona nkhani yonse. Kudzidzimuka ndi kugwidwa mtima ndi zinthu ziwiri zosiyana. Katswiri wopanga mafilimu Alfred Hitchcock anafotokozapo bwino kwambiri pocheza ndi François Truffaut. Ganizo lake linali loti anthu awiri akucheza pa tebulo bomba n'kuphulika mwadzidzidzi, woonera amadzidzimuka kwa masekondi ochepa n'kutha. Koma ukamuonetsa woonerayo kuti pansi pa tebulo pali bomba ndipo liphulika nthawi yakuti, macheza opanda pake omwe aja amasanduka chinthu choti sungachotsepo maso, umafuna kukuwa kuti tathawani inu. Taonani chitsanzo cha a Kadzidzi, chikugwira mtima ndi mkono wa malaya uja chifukwa tadziwa limodzi ndi Catelyn ndipo tikudikira. Cha a Nyenyezi chimodzimodzi, palibe amene analowa kukaonera Titanic asakudziwa kuti sitimayo imira.

Mphenzi: Nde mukutanthauza kuti kudzidzimutsa n'kwachabe?

Wakamera: Ayi sikwachabe koma kumagwira kamodzi kokha. Mukaonera kachiwiri mphamvu yathepa. Pomwe kudikira kuja ukaonera kachiwiri kumaposa poyamba. Tengani poyambira pa Inglourious Basterds ya Tarantino, 2009. Msilikali wamkulu wa Nazi wafika pafamu ina ku France, waulemu kwambiri, akumwetulira, wapempha mkaka, akucheza ndi mwini nyumba ngati mlendo wabwinobwino. Chapakati pa macheza kamera ikutsika pang'onopang'ono kudutsa mwendo wa mlimi uja mpaka pansi pa matabwa, n'kutionetsa banja la Ayuda lagona m'menemo litagwira pakamwa. Kuyambira pamenepo liwu lililonse la mkulu uja limabaya. Mpaka kupempha kwake kuti asiye Chifalansa ayankhule Chingerezi timadzazindikira kuti ankafuna obisala aja asamve kuti agulitsidwa. Christoph Waltz analandira Oscar chifukwa cha mbali imeneyi ndipo kwa nthawi yaitali palibe mfuti yomwe yalira, ndi anthu awiri okha pa tebulo.

MdalaWaMatepi: Ana inu mukukamba zabwino koma mwayambira pafupi. Ndikubwezeni m'mbuyo. Roots, 1977, series ya ku America yochokera m'buku la Alex Haley. Anaionetsa masiku 8 otsatizana ndipo gawo lomaliza anaonera anthu pafupifupi 100 miliyoni. Ine ndinadzaionera pa tepi patapita zaka. Pali pomwe Kunta Kinte, mnyamata wogwidwa ku Gambia, amumangirira n'kumamukwapula kuti avomere dzina latsopano lomwe mbuye wake wamupatsa. Akamufunsa dzina iye akutchula lakwawo, chikwapu, amufunsanso akutchulabe lakwawo, chikwapu. Akapolo anzake aimitsidwa kuti aziona. Iwe woonera mtima ukugawanika, mbali ina ukufuna alimbe asagonje, mbali ina ukuti mwanawe tangovomera akupha. Atavomera ine sindinathe kudziwa ngati ndipume kapena ndilire. Kenako mkulu uja Fiddler, yemwe ankasewera Louis Gossett Jr, akumunyamula mutu n'kumamupatsa madzi akumutchula dzina lake lenileni. Zaka zapita zambiri koma nkhope ya LeVar Burton pamenepo sindinaiwale.

MayiWaAwiri: Bambo mwandikumbutsa 12 Years a Slave ya 2013. Pali malo ena Solomon amupachika pamtengo chingwe chili m'khosi, koma zala za kumapazi zikungokhudza matope, nde akungosuntha zalazo kuti asafe. Kamera siikusuntha ayi, yangoima pomwepo. Palibe nyimbo, ukungomva kupuma kwake ndi matope aja. Kumbuyo kwake anthu akutuluka m'nyumba kuyamba ntchito zawo, ana akusewera, chifukwa aliyense akudziwa kuti akangomuthandiza naye aona zakuda. Mtsikana mmodzi yekha ndi amene akuthamanga kudzamumwetsa madzi n'kuthawa. Ine ndinkangoti dulani, dulani chingwecho kapena dulani filimuyo, koma dayilekita Steve McQueen sanadule. Ndipo Solomon Northup anali munthu weniweni, mfulu, anabedwa 1841 n'kudzamasulidwa 1853.

Wakamera: Mayi mwatchula chinthu chachikulu, kusadula. Nthawi zambiri dayilekita akadula chithunzi amakupatsa mpata wopuma. Akakana kudula amakumanga pamodzi ndi munthu uja.

Mphenzi: Chabwino koma musandithawe. The Empire Strikes Back, 1980, pomwe Darth Vader akuulula kuti ndi bambo ake a Luke. Kumeneko si kudzidzimutsa? Ndipo dziko lonse likukumbukabe mpaka pano patatha zaka zoposa 40. Anabisa chinsinsicho mpaka kwa ochita filimu anzawo, David Prowse yemwe anavala chigoba chija ananena mawu ena pojambula, mawu enieniwo anadzawaika pambuyo ndi liwu la James Earl Jones, ndipo Mark Hamill yemwe ankasewera Luke anauzidwa patangotsala pang'ono kujambula. Ngati kudzidzimutsa kulibe mphamvu akanavutikiranji chonchi?

Kadzidzi: Apa a Mphenzi agwira mfundo, a Wakamera yankhani

Wakamera: Agwiradi. Koma funsani mwana wa lero yemwe akudziwa kale chinsinsicho asanaonere, malo aja amamugwirabe. Chifukwa chake ndi Luke, dzanja ladulidwa, wakakamira kachitsulo pamwamba pa dzenje, munthu yemwe amamuda kuposa onse akumutambasulira dzanja, nde asankhe. Kudzidzimutsa kwabwino kumatsegula funso latsopano, koipa kumangotseka nkhani.

Mphenzi: Nde ndiye kuti tonse tikulondola pamenepo, koma ine sindisintha, tsiku loyamba kuona ndi tsiku loyamba basi, silibwereranso

MayiWaAwiri: Poti mwatchula James Earl Jones, Mulungu awuse mzimu wake anatisiya mu September 2024, liwu lomwelo ndi la Mufasa mu The Lion King ya 1994. Ine ndinaionera ndili mwana ndinalira, ndadzaioneranso ndi ana anga ndalira kuposa iwowo. Si nyumbu zija zikuthamanga mu chigwa ayi ngakhale pamenepo mtima umakhala m'mwamba. Ndi pambuyo pake fumbi litakhazikika, Simba akuitana, akugwedeza bambo ake, akuwakoka khutu kuti adzuke, akukuwa kuti wina athandize palibe woyankha, kenako akulowa pansi pa dzanja la bambo akewo n'kugona pomwepo. Wamng'ono wanga anandifunsa kuti adzuka nthawi yanji. Ndinayimitsa kaye filimuyo tinakambirana nthawi yaitali. Ndipo choipitsitsa ndi Scar kubwera n'kumuuza mwana kuti ndi iye wapangitsa. Munthu wamkulu kusenzetsa mwana mlandu woti si wake, ine zimenezo zimandiwawa kuposa imfayo.

Nyenyezi: Makatuni amapweteka kuposa mafilimu a anthu nthawi zina. Up ya 2009, chakumayambiriro kuli mphindi ngati 4 zopanda liwu ngakhale limodzi, nyimbo yokha. Carl ndi Ellie akwatirana, akonza nyumba, akukonzekera mwana apenta chipinda, kenako tikuwaona kuchipatala mayi wagwira kumaso. Palibe amene wakuuza chachitika koma wadziwa. Akusunga ndalama mu botolo za ulendo womwe analonjezana, tayala laphulika aswa botolo, mwendo wathyoka aswa botolo, denga lawonongeka aswa botolo, mpaka akalamba ulendo osapita. Bambo uja pogula matikiti mayi wadwala. Moyo wonse wa anthu awiri mu mphindi 4. Michael Giacchino analandira Oscar ya nyimbo ndipo anayenera.

Kamtsitsi: Tsopano ine. Squid Game 2021 episodi 6 ya mabulo ija. Awauza kuti aliyense asankhe mnzake awiriawiri, nde aliyense akusankha yemwe amamukonda ndi kumudalira poganiza kuti asewera mbali imodzi, mwamuna wasankha mkazi wake, kenako n'kuuzidwa kuti mukupikisana nokhanokha woluza afa. Eeh. Koma chomwe chinandithera mphamvu ndi Ali, mnyamata wa ku Pakistan uja wofatsa, yemwe anapulumutsa munthu pa gemu yoyamba. Sang-woo wamunamiza kuti pali njira yoti onse apulumuke, wamukoleka kathumba m'khosi, Ali akuzungulira akumuitana ndi ulemu wonse nthawi ikutha, potsegula kathumba muli timiyala. Nkhope yake pamenepo. Sanakwiye nkomwe, anangosweka. Ndinatseka laputopu ndinakagona osamaliza.

Wakamera: Ndipo onani achemwali, ife tinadziwa kuti Sang-woo wasintha mabulo aja Ali asanadziwe. Bomba pansi pa tebulo lija ndi limeneli.

Mphenzi: A Wakamera bomba lanuli mulipeza paliponse kkkk

MdalaWaMatepi: Mwana wanga Mphenzi, poti umakonda zomenyana ndikupatse yako. Enter the Dragon, 1973, kumapeto mu chipinda cha magalasi. Bruce Lee wakandidwa pamimba ndi kumaso, mdani wake Han ali ndi dzanja la mipeni, ndipo paliponse pomwe wayang'ana akuona zithunzi zambirimbiri sakudziwa munthu weniweni ali kuti. Akuyenda pang'onopang'ono, phazi limodzi, kuima, kumvetsera. Kumenya kwenikweni n'kochepa, kochuluka ndi kusaka. Mpaka aganiza zoswa magalasiwo limodzilimodzi. Ndipo poonera umadziwa kuti mwini wakeyo anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 filimuyo isanatuluke, sanaone momwe dziko linailandirira.

Mphenzi: Imeneyo ndaionera bambo ndipo ndikuvomera ndi yoopsa. Nanga Saving Private Ryan 1998? Mphindi zoposa 20 zoyambirira pa gombe la Omaha, 6 June 1944, chitseko cha boti chikungotsika anthu akugwa asanaponde ndi pansi pomwe, wina akufunafuna mkono wake n'kuutola. Apo palibe kudikira, ndi moto kuyambira pachiyambi.

Kadzidzi: Zoona koma mu filimu yomweyo malo omwe ine sindifuna kuwaonanso ndi ena, chakumapeto. Mellish akulimbana ndi msilikali wa Germany m'chipinda cham'mwamba, zipolopolo zatha, mpeni ukutsika pang'onopang'ono pachifuwa iye akuchonderera, ndipo mnzake Upham ali pa masitepe ndi mfuti ndi zipolopolo zonse wauma ndi mantha akulira osakwera. Ndinamuda Upham kwa zaka zambiri. Pano ndikamakula ndimadzifunsa kuti pa masitepe paja ndani akudziwa chomwe akanachita.

MayiWaAwiri: Ayi ine sindinamukhululukire mpaka lero, masitepe ochepa okha mnzake akufa

Kadzidzi: Mayi mnyamata uja anali womasulira zilankhulo, anamutenga pa ofesi, anali asanaombepo munthu

MayiWaAwiri: Ndikudziwa achimwene koma mtima wanga sukumva zimenezo

Wakamera: Spielberg yemwe anapanga filimu imeneyo anaphunzira zobisa zinthu movutikira. Pojambula Jaws ya 1975 shaki ya makina yomwe anapanga inkangofa m'madzi a mchere ku Martha's Vineyard, masiku akupita ndalama zikutha. Nde anakakamizika kujambula osaionetsa, tikuona miyendo ya osambira kuchokera pansi pa madzi, migolo yachikasu ikuyandama kusonyeza pomwe chilombo chili, ndi manoti awiri aja a John Williams akubwerezabwereza mofulumira. Shakiyo kuiona bwinobwino ndi patadutsa ola. Anthu anaopa nyanja chifukwa cha chinthu chomwe sanachione nkomwe. Psycho ya Hitchcock 1960 chimodzimodzi, malo a mu bafa aja anajambula pafupifupi sabata yathunthu, magazi anali chokoleti chifukwa zithunzi za filimu zinali zakuda ndi zoyera zokha, ndipo anthu amalumbira kuti anaona mpeni ukulasa thupi mobwerezabwereza pomwe ndi kudula kwa zithunzi ndi kulira kwa mavayolini a Bernard Herrmann komwe kukugwira ntchito. Mutu wako umamalizitsa wokha. Komanso a Mphenzi apa pali mphatso yanu, Janet Leigh yemwe aliyense ankayesa kuti ndi mwini filimu akufa isanafike ndi pakati pomwe, n'chifukwa chake Hitchcock analamula kuti wochedwa asalowe filimu ikayamba.

Mphenzi: Mwaona nokha, ngakhale mkulu wanu wa bombayo ankadziwa kudzidzimutsa

Nyenyezi: Tisaiwale za TV zosapeka. Planet Earth II ya BBC, 2016, David Attenborough akufotokoza. Kamwana ka iguana, mtundu wa buluzi, kangoswedwa kumene mu mchenga pa chilumba cha Fernandina ku Galapagos, kakuyenera kufika kunyanja komwe kuli makolo, nde m'miyala mukutuluka njoka, osati imodzi, gulu. Kaima chiimire osagwedezeka chifukwa njokazo zimatsata chomwe chikuyenda, ina ikudutsa pafupi penipeni, kenako kaliyatsa liwiro, zikukathamangitsa mbali zonse, zakagwira zakakulunga ndinati basi katha, koma kapulumuka n'kukwera miyala njoka ina ikudumpha kumbuyo kwake n'kuphonya. Ndinakuwa ndekha m'nyumba ngati ndikuonera mpira. Palibe wolemba nkhani angapose pamenepo.

MdalaWaMatepi: Pa zosapeka ine ndiika 11 February 1990, Nelson Mandela akutuluka ku ndende ya Victor Verster patatha zaka 27. Makamera a dziko lonse analozetsa pa geti, nthawi yomwe analengeza yadutsa, ola lakwana munthu osatuluka, atolankhani mawu awathera akungobwereza zomwezo. Ndipo kumbukirani kuti boma la tsankho linaletsa zithunzi zake, anthu ambiri ankadziwa nkhope ya m'ma 1960, palibe amene ankadziwa kuti pano akuoneka bwanji. Kenako akutulukira bambo wamtali, woonda, imvi mbuu, suti yotuwa, wagwirana dzanja ndi Winnie, n'kukweza chibakera. Ndimaonerabe kanema ameneyo ndipo nthawi zonse pakhosi pamandimanga. Chinanso ndi 20 July 1969, Neil Armstrong akutsika pa mwezi, zithunzi zosaoneka bwino nkomwe zamdimamdima koma anthu pafupifupi 600 miliyoni anali maso pa TV.

Kamtsitsi: Agogo mwandipangitsa kuti ndikasake ya Mandela pa YouTube usiku uno

Kadzidzi: Pakati pa zopeka ndi zoona pali Chernobyl ya HBO 2019, yokamba ngozi ya pa siteshoni ya nyukiliya ku Ukraine pa 26 April 1986. Episodi 4 asilikali akutumizidwa padenga kukachotsa zidutswa za graphite ndi mafosholo chifukwa maloboti afa ndi radiation, aliyense wapatsidwa masekondi 90 okha. Kamera ikutsatira mnyamata mmodzi masekondi onsewo osadula, ukumva kupuma kwake mu chigoba ndi kachipangizo koyezera kakulira tetetete, wapunthwa, phazi lakodwa, nsapato yang'ambika. Mdani sakuoneka, kulibe chilombo kulibe mfuti, ndi kaphokoso kaja basi. Komanso mathero a episodi 2, amuna atatu alowa m'madzi pansi pa nyumba ija kukatsegula mavalavu, matochi akuzima limodzilimodzi mpaka mdima bii kachipangizo kakukuwa, episodi n'kutha. Amuna atatuwo analikodi, Ananenko, Bespalov ndi Baranov, ndipo anatuluka amoyo.

Wakamera: Phokoso la mu series imeneyo Hildur Guðnadóttir anakalijambula mu siteshoni yeniyeni ya nyukiliya ku Lithuania n'kulisandutsa nyimbo, n'chifukwa chake sudziwa pomwe makina athera ndi pomwe nyimbo yayambira.

MayiWaAwiri: Palibe watchula Tsotsi? Ya ku South Africa, 2005, inatenga Oscar mu 2006. Mnyamata wachifwamba waba galimoto, wawombera mayi, n'kupeza kuti kumbuyo kuli khanda. Akulisunga mu jumbo ya pepala. Pali pomwe wabwera kunyumba n'kupeza mwana uja nyerere zili waa kumaso, ine monga kholo ndinatseka maso. Koma kumapeto mpomwe pali nkhani, wabwera yekha pa geti kudzabweza mwana, apolisi amuzungulira mfuti zaloza, iye wamugwira mwanayo sakufuna kumusiya misozi ikutsika, bambo a mwana akuyandikira pang'onopang'ono akumuyankhula mofatsa. Presley Chweneyagae anali mnyamata wamng'ono nthawi imeneyo koma anasewera ndi maso okha.

Mphenzi: Chabwino nanenso ndili nayo yolira imodzi. Furious 7, 2015. Paul Walker anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 30 November 2013 filimu asanamalize kujambula, abale ake Caleb ndi Cody ndi amene anathandiza kumalizitsa mbali zotsala. Tonse tinalowa tikudziwa kuti munthuyu kulibe ndipo filimu yonse ndinkangodikira kuti amupha pati. Sanamuphe. Anamusiya pagombe akusewera ndi mkazi ndi mwana, kenako galimoto ziwiri zikuyenda limodzi, msewu ukugawanika, yoyera ija ikukhota kwina. Vin Diesel pamenepo sankasewera, ankatsanzika mnzake weniweni.

Nyenyezi: A Mphenzi mwati filimu yonse munkadikira, ndiye kuti a Wakamera akuwinani

Mphenzi: Ayi achemwali, ndinkadikira imfa n'kundipatsa china chomwe sindinkayembekezera, ndiye kudzidzimutsa komwe ndikunenako

Wakamera: Nde tiyese iyi tione igwera mbali iti. The Sopranos, episodi yomaliza June 2007. Tony, mkulu wa gulu la zigawenga, wakhala mu lesitilanti akudikira banja lake, chitseko chikatseguka belu likulira iye akudzutsa mutu, pali bambo wina pa kauntala akumuyang'anayang'ana kenako akulowa ku chimbudzi, mwana wake wamkazi panja akuvutika kupaka galimoto. Palibe chikuchitika koma thukuta lili kamukamu. Belu likulira, Tony wadzutsa mutu, chithunzi n'kuda bii, nyimbo yaduka pakati, masekondi angapo opanda kanthu kenako maina. Anthu ambiri ku America anayesa kuti TV yawo yawonongeka.

Kadzidzi: Anaphedwa ameneyo, bambo wa ku chimbudzi uja. Mdima uja ndi maso a Tony.

MdalaWaMatepi: Ine ndimati sanaphedwe usiku umenewo. Anatilowetsa m'mutu mwake kuti timve momwe munthu wotero amakhalira, chitseko chilichonse chikatseguka mtima uli m'mwamba, moyo wake wonse.

Kamtsitsi: Imeneyonso sindinaonere ndipo mwandiululira kale, koma mmene mukukanganamu ndikuona ngati palibe chomwe mwaulula

Mphenzi: Ine imeneyo inandikwiyitsa, masizoni 6 ndikutsatira munthu kenako osandiuza mathero ake. Ndiuzeni wafa kapena ali moyo, ndi ntchito ya wolemba imeneyo osati yanga.

MayiWaAwiri: Apa ndili mbali ya a Mphenzi. A Kadzidzi tsegulani ina ya mathero okhaokha, omwe anakukhutiritsani ndi omwe anakupsetsani mtima, chifukwa Game of Thrones yanu ija sizoni 8 ndili nayo mawu ambiri.

Kamtsitsi: Imeneyo mundidikire ndimalize kaye, ndatsala ndi masizoni 6